Mgonero wa Apongozi Udikire Riboni

Lamulungu, 6 Okutobala

Apongozi apempha mgonero.

Anena masana, ndikuwapukuta kukamwa atamwa tiyi. Ati, "Mayi, abusa andibweretsere mgonero kuno. Kutchalitchi ine sindidzafikanso." Mawu awo osanjenjemera n'komwe, ngati akupempha bulangete lina. Ndayesa kuwaseketsa kuti inu bambo mudzatiika tonsefe m'manda, koma angondiyang'ana mpaka ndachita manyazi ndekha.

Chitulukireni m'chipatala sanadzukepo pabedi. Madokotala anati mtima watopa, kawasamalireni kunyumba. Tonse tikudziwa tanthauzo la mawu amenewo, koma m'nyumba muno palibe amene walitchula.

Ndawauza Atcheya atangolowa. Atcheya ndi amuna angawa. Chiwasankhireni kukhala wapampando wa komiti yomanga tchalitchi chatsopano, dzina lina sakulimvanso. Ukati "bambo a ana" amacheuka kuona ngati kumbuyo kwawo kuli munthu. Amvetsera uku akuvula nsapato, ati, "Tikonza zimenezo. Abusa ndiwauza ndekha." Basi, nkhani ya bambo awo yathera pomwepo. Yotsatira inali ya matailosi a pakhonde la tchalitchi, ndipo imeneyo ndiye inatenga chakudya chonse mpaka kutsuka mbale.

Tchalitchicho akutsegulira Lamulungu likubwerali. Kukubwera Abusa Aakulu ochokera kulikulu la mpingo kudzadula riboni. M'nyumba muno ngakhale mphaka akudziwa.

Mawu awo a masiku ano ndi "Mulungu patsogolo." Anawamata kumbuyo kwa galimoto, ali pafoni, ali pamwamba pa chitseko cha pabalaza. Ukawapempha kuti akonze mpopi ukudontha, Mulungu patsogolo. Ukawauza kuti mankhwala a abambo atha, Mulungu patsogolo, mukagule ndinu. Ine sindikana kuti Mulungu akhale patsogolo. Chondidabwitsa n'chakuti kulikonse kumene Mulunguyo akutsogolera kumapezeka kuti kuli maikolofoni.

Lolemba, 7 Okutobala

Makapu afika!

Atcheya alowa ndi katoni atayifungatira ngati khanda. Ayiika patebulo, andiuza ndikasambe m'manja, ndabwera, andiuza ndisagwire. Nanga ndasambiranji? Timakapu ta mgonero tatsopano, tonyezimira, thireyi yake ya mabowomabowo, chivindikiro chokhala ndi kamtanda pamwamba. Kukongola n'kokongola, bodza n'loipa. Munthu ukhoza kudziyang'anirapo mano.

Ndati, "Ndiye zayenda bwino. Kamodzi kameneka kawakwanira abambo."

Andiyang'ana ngati ndatukwana paguwa. Ati makapu amenewa sangamwere munthu Abusa Aakulu asanawapatule, komiti inagwirizana choncho. Ndati chabwino, nanga akale aja? Akale anawapereka kunthambi ya mpingo kutali uko, chifukwa ati anali ochititsa manyazi, ena okandika, ena opindika milomo. Mlendo wamkulu akanationa bwanji?

Ndiye kuti sabata ino mpingo wonsewu, ndi matailosi ake, ndi zimkuzamawu zake, ndi guwa lake lagalasi, ulibe kapu yomwetsera nkhalamba imodzi. Ndaseka mpaka kugwira tebulo. Iwo sanaseke.

Kenaka alowa nawo kuchipinda kukaonetsa bambo awo. Ine ndinaima pakhomo. Apongozi ayang'ana, ayang'ana, ati, "Abwino. Muli chiyani m'menemo?"

"Mulibe kanthu, abambo. Sanapatulidwe."

"Oho."

Atembenukira kukhoma. Atcheya atuluka akumwetulira, ati mwaona, awakonda. Zaka zonsezi akukhala ndi bambo awo, "oho" ameneyu sanamudziwebe.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Komiti yakhala tsiku lonse kukambirana ngati riboni ikhale yoyera kapena yagolide. Sanamvane, mawa apitiriza. Za abusa ndafunsa. Ati zili m'manja.

Lachitatu, 9 Okutobala

Zala zikuwawa.

Saluni yanga ili kutsogolo kwa nyumba, khoma limodzi ndi chipinda cha apongozi. Akafuna kanthu amagogoda khomalo ndi ndodo yawo. Makasitomala anazolowera, akamva go go go amati pitani, abwana anu akuitana. Ndimasiya mutu wa munthu pakatikati, ndikawatembenuza kapena kuwamwetsa madzi, ndikusamba m'manja, ndikubwerera.

Sabata ino azimayi onse a mumpingo akufuna mitu yatsopano. A kwaya, olandira alendo, ndi ena amene sindinawaonepo m'tchalitchi chidalitsireni ukwati wawo. Akazi a msungichuma andinong'oneza kuti tsitsi lawo litalike kuposa la amayi otsogolera kwaya. Otsogolera kwayawo anandinong'oneza dzulo zomwezo. Zikapitirira chonchi okhala kumbuyo Abusa Aakulu angowamva mawu.

Sindikudandaula. Ntchito ikabwera sungaithamangitse.

Mlamu wanga, mlongo wawo wa Atcheya, ndi namwino. Wadzera kuno pochokera kuntchito, wawamwetsa bambo ake supu ndi supuni, atsamwa mpaka misozi. Wandikokera kukhitchini, wati, "Alamu, kummero kukutsekeka. Lero akumeza movutika, mawa kaya. Ngati pali choti adye kapena amwe, ndi panopa."



Atcheya atabwera sindinadikire kuti avule nsapato.

"Bambo, abusa mwawauza?"

"Abusa ali ndi zambiri pamutu."

"Ndafunsa ngati mwawauza."

"Amayi, ntchito ya Mulungu siyendera phuma. Ndanena kuti zili m'manja."

M'manja mwa ndani kaya. Manja amene ndikuwaona ine anyamula mariboni awiri, akuwaika pawindo kuona yomwe ikuwala bwino. Yagolide yapambana, tithokoze. Ndawafotokozera zimene wanena mlongo wawo, ati anamwino amakonda kuopseza anthu, ndiyo ntchito yawo.

Mulungu patsogolo, kenaka komiti, kenaka riboni, kenaka zimbudzi za alendo, kenaka galimoto itsukidwe. Bambo awo ali penapake kumbuyoko, pafupi ndi mpopi wodontha uja.

Lachinayi, 10 Okutobala

Lero ndiye ndamva zonse. Ndikulemba cholembera chikuboola pepala.

Atcheya abwera ndi njinga ya odwala yobwereka. Ayitsuka okha pakhonde, munthu amene chikwatiraneni sindinamuonepo atagwira siponji. Kenaka atulutsa suti ya bambo awo m'kabati, ati ipite kwa telala akaibweze m'chiuno poti aonda. Ine ndimayesa ayamba kukonzekera maliro. Ayi ndithu. Akukonzekera pologalamu.

Ati Lamulungu, Abusa Aakulu akangopatula makapu, woyamba kumwera akhale bambo awo. Awakankhe iwo eni panjinga kuchokera pakhomo mpaka kuguwa, kwaya ikuimba chapansipansi, wojambula akuyenda chambuyo patsogolo pawo.

"Tangoganizani, amayi. Mkhristu wakalekale mumpingo, kapu yoyamba, tchalitchi chatsopano, mwana wake ali pambali. Anthu alira."

Ndati, "Alira ndithu. Makamaka akadzagwa panjingapo."

Ndawakumbutsa kuti munthuyo ngakhale pabedi sakhala tsonga popanda mulu wa mapilo. Ati chikhulupiriro changa n'chochepa. Ine! Chikhulupiriro chochepacho ndi chimene chimachapa zofunda m'nyumba muno m'mawa uliwonse, chachikulucho chili kumsonkhano.

Choipa n'chakuti sakunamizira. Bambo awo amawakonda. Pofotokoza zimenezi m'maso mwawo munali misozi yeniyeni. Akufuna kuwapatsa chinthu chachikulu, pomwe eni ake apempha chaching'ono, ndipo sakumva kuti pali kusiyana.

Alowa kukawauza. Apongozi amvetsera zonse ali chitsinzinire, mpaka za wojambula woyenda chambuyo. Kenaka ati, "Mwana wanga, usiku uja Ambuye anatenga kapu imene inali patebulo. Sanatume munthu kulikulu."

Atcheya aseka, ati abambowa nthabwala sizitha, ndiye kuti akupeza bwino.

Potuluka ndawagwira dzanja pakolido. "Koma abusa akudziwa kuti abambo apempha mgonero kuno, sabata ino?"

"Abusa akudziwa zonse."

Chabwino. Ngati akudziwa zonse n'kukhala osabwera, ndiye kuti nawonso riboni yawamanga miyendo. Abusa athuwa ndimawayesa munthu.

Lachisanu, 11 Okutobala

Go go go m'mamawa, ndisanatsegule n'komwe saluni.

Ati ndiwamete ndevu. Ati ndiwawenge zikhadabo, ndiwaveke malaya oyera aja, ndimange mabatani mpaka pakhosi. Ndati bambo, kukutentha, mabatani onsewa a chiyani? Ati, "Abusa asandipeze ngati wodwala."

Ndawameta. Nkhope yatsala mafupa okhaokha, lumo limachita kufunafuna poyenda. Ndikupukuta sopo ati, "Sindikuopa ayi, mayi. Koma patebulo limenelo ndadyapo kuyambira ndili mnyamata. Munthu suchoka pakhomo pamene wadya zaka zonsezo osatsanzika."

 Ndinkatsuka lumo loyera kale.

Tsiku lonse geti likangolira, khoma go go go. Ndikalowa, "Ndi iwo?" Ayi bambo, ndi kasitomala. Lalira kachiwiri, "Ndi iwo?" Ayi bambo, ndi wogulitsa meshi. Ulendo wina ndinalowa chipeso chili m'manja, mutu uli ku tsitsi limene ndasiya, ndipo pakamwa panga panatuluka kuti, "Abwera bambo, zili m'manja." Ndinatuluka msangamsanga. Matenda a m'nyumba amapatsirana.

M'saluni nkhani ndi ya mipando. Ndani akhale mzere woyamba, ndani wachiwiri. Akazi a msungichuma ati iwo sangakhale kumbuyo kwa munthu amene sanapereke ngakhale thumba limodzi la simenti. Wina wati nanga kumwamba adzatikhazika potengera simenti? Onse gwa kuseka, kenaka onse kuyambiranso za mzere woyamba.

Mmodzi yekha ndiye wafunsa kuti kodi akugogodawo ali bwanji. Ndisanayankhe, dilaya youmitsira tsitsi inazima, nkhani inasanduka ya dilaya.

Tiyi wamadzulo amwa masupuni ochepa, ena abwerera. Malaya oyera akana kuvula. Ati mwina abusa achedwa panjira.

Loweruka, 12 Okutobala

Sindikufuna kulemba za lero, koma ndikapanda kulemba ndiphulika.

M'mawa saluni inadzaza mpaka ena kukhala pazidebe panja. Pampando panali Amayi Busa, ndikuwaluka. Akucheza bwinobwino, ati, "Tamva kuti abambo apeza bwino. Akuti mawa abwera okha kudzayamba mgonero. Mulungu ndi wamkulu."

Chipeso chinagwa.

Ndati amayi, munthuyo chiyambire Lamulungu akupempha mgonero pabedi, akulephera kumeza, kodi abusa sanauzidwe? Amayi Busa sanataye nthawi. Pomwepo, mutu theka woluka theka nyankhalala, aimbira amuna awo, andipatsa foni.

Abusa ati, "Mayi, palibe anandiuza. Ndinangomva kuti akuchira. Ndibwere pompano? Mkate ndi vinyo ndili nazo. Kapu iliyonse ya m'nyumba mwanu ikwana. Mpata ndili nawo m'mawa uno, masana ndikukalandira alendo."

Pompano. Mawu amene ndakhala ndikuwalirira sabata yonse.

Ndiye ine, wanzeru ine, woseka anzake ine, ndinayang'ana uku ndi uku. M'saluni azimayi a mumpingo okhaokha, makutu ali tcheru. Ndikuwadziwa. Abusa akalowa pageti onsewa awatsatira kuchipinda kukaimba, ndi mitu yawo yosamalizayo. Akaona chiyani? Zofunda zausiku zili mulu pakona, sindinachape. Ndowa ili pansi pa bedi. Fungo. Makatani ong'ambika. Mbale zadzulo m'sinki. Mawa lomwe mzere woyamba wonse udziwa mmene akazi a Atcheya amasungira apongozi awo. Pampando winawo pali mayi ndamupaka mankhwala owongolera tsitsi, akachedwa amuwotcha. Ndipo kapu iliyonse? Makapu anga a tsiku ndi tsiku onse ndi obenthuka. Abwino, a paukwati wathu, ali m'katoni pamwamba pa kabati.

Ndati, "Abusa, bwerani chakumadzulo. Ndiyambe ndakonza m'nyumba."

 Ati, "Mukutsimikiza, mayi? Ine zam'nyumba sindiyang'ana."

Ndati ee, madzulo zikhala bwino.

Ndikubweza foni, khoma go go go. Ndinamaliza kaye mzere umene ndimaluka. Nditalowa, "Ndi iwo?" Ndati madzulo bambo, lero ndiye ndalankhula nawo ndekha. Anamwetulira, nagwira batani lapakhosi kuona ngati lili m'malo.

Mitu ndinamaliza yonse, palibe wapita ndi duku. Kenaka ndinachapa, ndinakolopa, ndinasintha makatani, ndinatsitsa katoni, ndinatsuka kapu ya paukwati mpaka kulira. Ndinaika ndi kansalu patebulo. Chipinda chinakoma, mlendo aliyense akanayamikira.

Dzuwa likupendeka foni inalira. Abusa. Galimoto ya Abusa Aakulu yafera panjira kutali, apita kukawatenga, sakudziwa abwera nthawi yanji. Apepesa, apepesanso. Ati mawa tikangoweruka.

Tiyi wamadzulo sanalowe n'komwe. Anangotuluka m'mbali mwa kamwa, kenaka chifuwa, kenaka kubanika kumene sindidzakuiwala. Mlamu anathamangira kuno. Wati basi, pakamwa pasalowenso kanthu, ngakhale dontho. Tizingonyowetsa milomo ndi kathonje.

Atcheya atafika ndinali nditakonza mawu, sabata yonse ndakhala ndikuwanola. Ndati, "Munanama. Abusa simunawauze."

Sanakane. Ati akanawauza akanabwera Lolemba lomwe, ndiye Lamulungu pakanatsala chiyani? Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwathire zonse. Iwo ati, "Ndamva kuti inu munawauza. Nanga abwera?"

Amayi Busa anali atafotokoza kale kutchalitchi. Sananene moipa ayi, amangoyamikira kuti ndine mayi waukhondo.

Anyani amasekana zikundu. Ndakhala kukhitchini, kapu ya paukwati ili mbee patebulo, ndikulakalaka kuiphwanya.

Lamulungu, 13 Okutobala

M'mawa Atcheya anavala suti, duwa pachifuwa, nakankha njinga mpaka pakhomo la chipinda. Mlamu anagona konkuno. Anaima pakhomopo manja m'chiuno, wati, "Achimwene, mukawakweza pamenepo mukafika ndi mtembo. Kajambulitseni zimenezo."

Atcheya anasuzumira pamwamba pa phewa la mlongo wawo. Ndikuganiza kuti sabata yonseyi kanali koyamba kuwayang'ana bambo awo osaganiza za pologalamu. Anaima nthawi ndithu. Kenaka foni inalira, a komiti akufunsa sizasi yodulira riboni ili ndi ndani. Inali m'thumba mwawo. Ati, "Ndingokapereka, tikangoweruka ndibwera ndi abusa." Anapita. Njinga inatsala pakolido, aliyense kumaipunthwa.

Ine sindinapite. Diresi langa latsopano lili pa hang'ala, lidikire mwambo wina.

Zimkuzamawu zatsopanozo ndi zamphamvu, ndalama sizinapite pachabe. Zonse zimamveka kuchipinda. Kwaya, m'manja, nthungululu podula riboni. Kenaka kuthokoza. Dzina la Atcheya linatchulidwa kambirimbiri, ati munthu woika Mulungu patsogolo, wosiya zake zonse chifukwa cha nyumba ya Ambuye. M'manja mwamphamvu. Zoona, anasiya zake zonse. Zina mwa izo zinali gone pamaso panga, malaya oyera, kupuma kokoka.

Pamene amaimba nyimbo ya mgonero, milomo ya apongozi imagwedera. Ndinawerama. Mawu samatuluka, koma amatsatira. Ndinawanyowetsa ndi kathonje, ndikuimba nawo chapansi, mpaka ndinalephera. Ndinawauza kuti bambo, dzulo abusa amafuna kubwera, ndinawabweza ndine. Kaya anamva. Maso anali kudenga.

Tchalitchi chinaweruka mochedwa, zolankhula zinachuluka. Masana ndithu ndi pamene magalimoto anaima pageti. Patsogolo Atcheya, akuyenda pang'onopang'ono, dzanja lina lanyamula kakapu, lina lavindikira pamwamba. Kapu yoyamba ija. Anakana kuti wina amwere, ndipo ayenda nayo choncho m'galimoto njira yonse wina akuyendetsa, osataya ngakhale dontho. Pambuyo pawo abusa, Abusa Aakulu amene, a komiti angapo, ndi wojambula.

Chipinda chinali choyera. Makatani atsopano. Palibe anayang'ana.

Abusa anapemphera, ananyema mkate. Mlamu wati, "Pepani abusa. Sangameze. Mukawapatsa atsamwa."



Wojambula ndiye anayamba kulankhula. Ati kodi bedili lingasunthe pang'ono chakuwindo, kuno kuli mdima.

Atcheya ati, "Tulukani."

Chikhalireni pampando sindinawamvepo akulankhula mawu amodzi okha n'kumaliza.

Abusa anapempha kathonje. Anaviika m'kakapu kali m'manja mwa Atcheya, nakhudza milomo ya apongozi, nanena mawu a mgonero. Milomoyo sinagwedere. Kadontho kofiira kanatsetsereka pachibwano mpaka pakolala. Abusa anandiyang'ana kamodzi, za dzulo sananene kanthu. Bola akanandikalipira.

Abusa Aakulu anadalitsa, nagwira Atcheya paphewa, ati tchalitchi mwamanga chokongola. Onse anatuluka, chakudya cha alendo chikudikira kuholo.

Atcheya sanatuluke. Anandifunsa osandiyang'ana, ati, "Kodi abambo ananditchulako?" Ndinafuna kunama. Ndati amafunsa za abusa. Anagwedeza mutu.

Pageti galimoto ya komiti yakhala ikuliza hutala, akufuna wapampando akalankhule kuholo. Jekete ili pa njinga pakolido, foni ikulira m'thumba, ikasiya ikuyambiranso. Iwo akhala pansi penipeni pambali pa bedi, thalauzi la suti pasimenti. Kakapu kakadali m'manja, kodzaza, sakudziwa pokaika.

Apongozi akupumabe.

Atcheya andiitana tsopano. Ati ndiwaonetse mmene amagwirira kathonje.